Kusunga makro za Vim kuti zisatayike, ndi kuziyendetsa pa mafayilo ambiri nthawi imodzi

Mwajambula makro mu Vim, pulogalamu yolembera ndi kukonzera mawu, ndipo yagwira ntchito bwinobwino. Makro ndi mndandanda wa mabatani omwe Vim imawajambula kuti iwabwereze mukafuna. Mawa lake mwatsegula Vim, mwadina `@a`, koma palibe chachitika, kapena yangosokoneza mizere. Mwinanso makroyo ilipo ndithu, koma mafayilo oti mukonze ndi 40 ndipo mukuwatsegula imodziimodzi mpaka dzuwa kulowa. Mavuto awiriwa amatha mukagwira mfundo imodzi: makro ya Vim ndi zilembo chabe zomwe zagona m'kabokosi kotchedwa register. Chilichonse chomwe mungachite ndi mawu wamba, kuwamata, kuwakonza kapena kuwalemba m'fayilo, mungachitenso ndi makro.

## Zofunika musanayambe

- Vim yathunthu kapena Neovim. Lembani `vim --version` n'kuyang'ana ngati pali `+viminfo` ndi `+eval`. Mukaona `-` m'malo mwa `+`, muli ndi Vim yochepetsedwa, monga vim.tiny yomwe imabwera ndi Debian ndi Ubuntu. Imeneyo siikumbukira ma register ndipo siimva lamulo la `let`. Ikani yathunthu ndi `sudo apt install vim`.
- Fayilo ya vimrc, ya makonzedwe omwe Vim imawerenga potseguka. Muli mu Vim, `:echo $MYVIMRC` ikuuzani komwe ili. Pa Linux ndi macOS imakhala `~/.vimrc`, pa Windows imatchedwa `_vimrc`.
- Kope la mafayilo onse omwe mukufuna kusintha: `cp -r malonda malonda-kope`, kapena `git commit` ngati foda ili mu Git. Musadumphe izi.

M'malangizo onsewa tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi. Muli ndi foda ya mafayilo a mitengo ya katundu, ndipo mizere yake ili motere:

```
ufa wa chimanga: 4500
sopo: 850
```

Mukufuna ikhale motere kuti itseguke mu Excel kapena LibreOffice Calc:

```
"ufa wa chimanga",4500
"sopo",850
```

## Jambulani makro yoti idzagwirenso ntchito kwina

1. Ikani cursor pa mzere woyamba n'kudina `qm`. Pansi pa sikirini palembedwa `recording @m`. Sankhani chilembo chomwe simukopereramo mawu. Ambiri amathamangira `a`, kenako tsiku lina amalemba `"ayy` pokopera mzere, makro n'kufufutika osazindikira, chifukwa makro ndi mawu okopera zimagona m'mabokosi omwewo.

2. Dinani mabatani awa motsatana, kenako `q` kuti musiye kujambula:

```
0f:2s",<Esc>I"<Esc>j
```

`0` akubweza cursor kumayambiriro a mzere, `f:` akulumphira pa chizindikiro cha `:`, `2s` akuchotsa chizindikirocho pamodzi ndi mpata wotsatira n'kulemba `",` m'malo mwake, `I"` akuika `"` kutsogolo kwa mzere, ndipo `j` akutsikira pa mzere wotsatira.

Ndondomeko ya mabataniwa ndi yofunika kwambiri kuposa momwe ikuonekera. Makro imaima pomwepo lamulo losuntha cursor likalephera. Mukayamba ndi `I"` n'kutsatiza `f:`, mzere wopanda `:` ulandira `"` kutsogolo, makro n'kuima, mzerewo n'kutsala wolumala. Mukayamba ndi `f:`, mzere wotero sukhudzidwa n'komwe. Choncho lamulo lomwe lingalephere liziyamba, losintha mawu lizibwera pambuyo. Phindu lina ndi lakuti mzere womwe wakonzedwa kale ulibenso `:`, ndiye makroyi ikadutsapo kachiwiri siononga kanthu.

Chenjezo: pojambula musagwiritse ntchito mabatani a mivi kapena kudina `l` kambirimbiri. Kuwerenga zilembo kumagwira pa `sopo` koma kumaphonya pa `ufa wa chimanga`. Gwiritsani ntchito `0`, `$`, `f`, `t`, `w` ndi `e`.

3. Yesani pa mzere wotsatira ndi `@m`, kenako `@@` kuti mubwereze. Lembani `:reg m` muone zomwe zasungidwa. Ziyenera kuoneka ngati `0f:2s",^[I"^[j`. Chizindikiro cha `^[` ndi batani la Esc. Mukaona `<80>kb`, ndiye kuti munadina Backspace pojambula. Mukaona `<80><fd>a` pambuyo pa `^[`, musadandaule, ndi kachizindikiro komwe Vim imadziikira yokha ndipo sikachita kanthu.

## Kuti makro ikhalepo mukatsekanso Vim

Vim imalemba ma register m'fayilo ya `~/.viminfo` potseka, n'kuwawerenganso potseguka. Neovim imachita chimodzimodzi ndi fayilo yake yotchedwa `main.shada`.

4. Lembani `:set viminfo?`, kapena `:set shada?` mu Neovim. Mwachizolowezi muona `'100,<50,s10,h`. Gawo la `<50` likutanthauza kuti mizere 50 yokha ya register iliyonse ndiyo isungidwe, ndipo `s10` likutanthauza kuti register yoposa 10 KB isasungidwe. Makro wamba siifika pamenepo. Vuto limakhalapo mukapeza `<0`, kapena mukapeza kuti mzerewo ndi wopanda kanthu, zomwe zimachitika Vim ikamayenda ngati vi yakale. Zikatero ikani mizere iwiri iyi mu vimrc:

```
set nocompatible
set viminfo='100,<50,s10,h
```

5. Mukangomaliza kujambula makro yabwino, lembani `:wviminfo`, kapena `:wshada` mu Neovim. Vim imalemba fayiloyi yokha pokhapokha yatsekedwa mwadongosolo ndi `:q` kapena `:qa`. Magetsi akathima mwadzidzidzi, kapena SSH ikaduka n'kupha pulogalamu, zomwe munajambula tsikulo zikhoza kupita osabwerera. Lamulo lalifupili limatseka mpata umenewu.

6. Ngati mwatsegula Vim ziwiri nthawi imodzi ndipo mukufuna makro ya kumodzi ifike kwinako, lembani `:wviminfo` mu yoyamba, kenako `:rviminfo!` mu yachiwiri. Samalani ndi `!` ameneyu: amafufuta zomwe zinali m'ma register ena a Vim yachiwiriyo n'kuikamo za m'fayilo.

Ena amadalira `:mksession` poganiza kuti isunga zonse. Ayi. Imasunga mawindo, mafayilo otseguka ndi makonzedwe, koma ma register siiwakhudza.

Njira ya viminfo ndi yabwino pa makro ya masiku awiri kapena atatu. Makro yomwe mudzaifune mwezi uliwonse isamadalire njirayi, chifukwa kudina `qm` kamodzi mwangozi ndi kokwanira kuifafaniza, ndipo Vim idzasunga mokhulupirika register yopanda kanthuyo.

## Ilembeni m'fayilo kuti ikhale yachikhalire

Apa ndi pomwe ambiri amakodwa, choncho tipita pang'onopang'ono.

7. Pangani foda ndi `mkdir -p ~/.vim`, tsegulani fayilo yatsopano ya `~/.vim/makro.vim`, ndipo mu vimrc onjezerani mzere uwu:

```
source ~/.vim/makro.vim
```

Mu Neovim yokhala ndi `init.lua`, ikani fayiloyo mu `~/.config/nvim/` n'kulemba `vim.cmd('source ~/.config/nvim/makro.vim')`.

Chenjezo: ngati munalibe vimrc ndipo mwaipanga lero, Vim 8 kapena 9 isiya kuwerenga `defaults.vim`, ndipo mitundu ya zilembo ndi zina zomwe munazolowera zikhoza kusowa. Ikani `source $VIMRUNTIME/defaults.vim` pamwamba pa vimrc yatsopanoyo.

8. Mu `makro.vim`, lowani mu Insert mode, lembani `let @m = "`, kenako dinani Ctrl-R kawiri n'kutsatiza `m`. Kawiri, osati kamodzi. Mukadina kamodzi, Vim imatenga zilembozo ngati mukuzitayipa nokha, ndiye ikafika pa Esc imatuluka mu Insert mode n'kuyamba kuyendetsa zotsalazo ngati malamulo pa fayilo yomweyo. Mukadina kawiri imangomata zilembo momwe zilili. Tsekani ndi `"`.

9. Sinthani zizindikiro zapadera kuti zikhale zowerengeka. `^[` aliyense akhale `\<Esc>`, `^M` aliyense akhale `\<CR>`, `"` aliyense wa mkati akhale `\"`, ndipo `\` aliyense yemwe anali mu makro akhale `\\`. Chotsani `<80><fd>a` ngati alipo. Mzere womaliza ukhale uwu:

```
" mtengo: katundu: 850 -> "katundu",850
let @m = "0f:2s\",\<Esc>I\"\<Esc>j"
```

Mungathe kusiya `^[` momwe alili ndipo makro igwira ntchito, koma si nzeru. `^[` ndi chilembo chimodzi chosaoneka, osati `^` ndi `[`. Mukakopera mzerewo kudzera pa imelo, pa WhatsApp kapena pa sikirini ya terminal, chimasanduka zilembo ziwiri wamba ndipo makro imafa. `\<Esc>` amayenda paliponse osaonongeka.

Chenjezo: `\<Esc>` amamveka pakati pa zizindikiro za `"` pokha. Mukalemba `let @m = '...\<Esc>...'` ndi `'`, Vim ilemba mawu akuti `\<Esc>` m'fayilo yanu chilembo ndi chilembo.

Ngati makro ndi yaitali ndipo yadzaza zizindikiro zachilendo, Vim 9 yatsopano ndi Neovim zili ndi `:echo keytrans(@m)`, lomwe limaonetsa batani lililonse ndi dzina lake, monga `<Esc>` ndi `<BS>`. Chotsala n'kuika `\` patsogolo pa dzina lililonse ndi pa `"` aliyense wa mkati.

10. Makro yothera ndi Enter musaisunge ndi `let`. Mawu akathera ndi `\<CR>`, `let` imaona ngati ndi mzere wathunthu n'kuwonjezera kudumpha mzere kumapeto, ndiye makro ikamaliza cursor imatsika mzere umodzi womwe simunaupemphe. Gwiritsani ntchito `setreg` ndi chilembo cha `c`. Nayi makro yochotsa mipata yotsalira kumapeto kwa mizere:

```
call setreg('s', ":%s/\\s\\+$//e\<CR>", 'c')
```

11. Sungani fayilo, lembani `:source %`, kenako `:reg m` muone ngati zikufanana ndi zomwe munajambula. Tsekani Vim, itseguleninso, yesani `@m` pa kope. Kuyambira pano Vim iliyonse yomwe mutsegule iyamba ndi makroyi, ndipo ikafufutika mkati mwa ntchito, `:source ~/.vim/makro.vim` iibweza pomwepo.

Mzere wa ndemanga woyamba ndi `"` uja musaunyoze. Pakatha miyezi itatu, `0f:2s\",` simudzakumbukira kuti inali ya chiyani.

Mukafuna kukonza makro pang'ono osaijambulanso, tsegulani `:new`, matani ndi `"mp`, konzani, kenako bwezerani ndi `0"my$`. Osati `"myy`, chifukwa `yy` amatenganso kudumpha mzere kwa kumapeto. Ndipo ngati mwangoiwala batani limodzi kumapeto, `qM` ndi chilembo chachikulu amawonjezera pa zomwe zilipo kale m'malo mozifufuta.

## Fayilo yonse kamodzi

12. Lembani `:%normal @m`. Vim iika cursor kumayambiriro a mzere uliwonse n'kuyendetsa makro pamenepo. Kusiyana kwake ndi `99@m` n'kwakukulu. `99@m` imaima pa mzere woyamba wopanda `:`, ngakhale utakhala mzere wopanda kanthu pakati pa fayilo, ndipo zonse za pansi zimatsala zosakonzedwa. `:%normal @m` imalephera pa mzere umenewo wokha n'kupitirira. Ngati mukufuna mizere ina yokha, isankheni ndi `V` n'kulemba `:normal @m`, kapena gwiritsani ntchito `:g/: \d/normal @m` kuti ikhudze mizere yokhayo yomwe ili ndi `:` wotsatizana ndi nambala.

13. Makro ikhoza kuitana inzake. Onjezerani iyi mu `makro.vim`, yomwe ikonza mizere yonse kenako n'kuika mutu pamwamba:

```
let @f = ":%normal @m\<CR>ggOkatundu,mtengo\<Esc>"
```

Makro ya fayilo yonse iziyamba ndi lamulo losadalira pomwe cursor ili, monga `gg`, `G` kapena `:%`. Vim ikatsegula fayilo yomwe munaitsegulapo kale, ikhoza kuika cursor pomwe munalekezera, osati pamwamba.

## Mafayilo ambiri

14. Ngati munayesera `@f` pa fayilo yoyamba, ibwezereni mwakale ndi `:edit!` musanapitirire, kapena ndi `u` kenako `:w` ngati munaisunga kale. Mukapanda kutero, fayilo imeneyo ilandira mutu kawiri. `@m` siononga ikabwerezedwa, koma `@f` imaononga.

15. Uzani Vim mafayilo oti igwirepo ntchito: `:args *.txt`. Ngati ali m'mafoda amkati, `:args **/*.txt`. Kenako lembani `:args` popanda china kuti muone mndandanda. Uwerengeni ndithu. Ngati kope lanu lili mkati mwa foda yomweyo, `**` alilowetsamo, ndipo musintha mafayilo pamodzi ndi kope lomwe mumalidalira.

16. Njira yotetezeka ndi kusintha kaye osasunga:

```
:set hidden
:argdo normal @f
```

`hidden` amalola Vim kuchoka pa fayilo yosinthidwa isanasungidwe. Popanda iye muona `E37` pa fayilo yoyamba ndipo ntchito iima. Neovim imabwera ndi `hidden` woyatsa kale. Ikamaliza, yendani m'mafayilo ndi `:first` ndi `:next` n'kuyang'ana angapo, makamaka omwe mukuwakayikira. Mukakhutira lembani `:wall`. Mukaona kuti zalakwika, `:qa!` ikutulutsani popanda fayilo iliyonse kukhudzidwa.

17. Makro yomwe mwaiyesa kale mokwanira mukhoza kuiyendetsa n'kumasungiratu:

```
:argdo execute "normal @f" | update
```

Chenjezo lalikulu: musalembe `:argdo normal @f | update`. Lamulo la `normal` limameza chilichonse mpaka kumapeto kwa mzere, kuphatikizapo `|`. Ndiye Vim imatenga `| update` ngati mabatani omwe mwadina: `u` akhoza kubweza zomwe makro yangochita, `p` n'kumata mawu omwe munakopera komaliza, fayilo osasungidwanso. `execute` ndi amene amaika malire a pomwe `normal` ikuthera. Tasankha `update` m'malo mwa `write` chifukwa imalemba mafayilo okhawo omwe asinthadi.

Uthenga wa cholakwika pa fayilo imodzi ukhoza kuimitsa `:argdo` pakati pa ulendo. Kawirikawiri gwero lake ndi `:s` yomwe sinapeze mawu, n'kutulutsa `E486`. N'chifukwa chake makro ya pa sitepe 10 ili ndi `e` kumapeto: amauza Vim kuti isadandaule ikapanda kupeza kanthu.

18. Ngati mafayilo oti akonzedwe asakanikirana ndi ena, asakeni kaye:

```
:vimgrep /: \d/ **/*.txt
:cfdo execute "normal @f" | update
```

`:cfdo` imayenda kamodzi pa fayilo iliyonse yomwe yapezeka, pamene `:cdo` imayenda pa malo alionse omwe apezeka, choncho `:cdo` imayenera makro ya mzere ngati `@m`. Mukasokoneza ziwirizi n'kupereka `@f` kwa `:cdo`, fayilo ya mizere 30 ikhoza kulandira mitu 30. Palinso `:bufdo`, koma imakhudza fayilo iliyonse yomwe ili pa mndandanda wa `:ls`, ngakhale `makro.vim` yomwe munaitsegula m'mawa. `:args` ndi yabwino chifukwa mndandanda mumaupanga nokha.

19. Pa ntchito ya mwezi ndi mwezi, simufunikanso kulowa mu Vim n'komwe:

```
vim -c 'argdo execute "normal @f" | update' -c 'qa' *.txt
```

Pa seva yomwe ilibe vimrc yanu, koperani `makro.vim` yokha n'kuwonjezera `-S makro.vim` pa lamulo lomweli, patsogolo pa `-c` woyamba.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Makro yasowa ngakhale `+viminfo` ilipo. Onani mwini wa fayilo ndi `ls -l ~/.viminfo`. Ngati ndi root, ndiye kuti inapangidwa pomwe munayendetsa `sudo vim`, ndipo Vim yanu ikulephera kulembamo. Nthawi zina imaonetsa `E137` potseka, koma uthengawo umadutsa msanga. Konzani ndi `sudo chown $USER ~/.viminfo`.

Makro ikugwira pa kompyuta yanu koma ikuchita zachilendo pa ya mnzanu. Mabatani a mu makro amatsatira mapping zomwe zili mu vimrc ya kompyuta yomwe ikuyendapo. Ngati mnzanuyo anasintha ntchito ya `s` kapena `f` ndi plugin, makro yanu itsatira zakezo. Onani ndi `:verbose nmap s`. Chimodzimodzi plugin yotseka yokha zizindikiro za `"`: ikhoza kuika ziwiri pomwe inu mumafuna chimodzi.

Makro imadalira zomwe zinali m'mutu mwa Vim tsiku lojambula. `n` amabwereza kusaka komaliza, `p` amamata chomwe chinakoperedwa komaliza, `;` amabwereza `f` womaliza. Lero zimenezo ndi zina. Lembani kusaka konse mkati mwa makro, monga `/mtengo\<CR>`, ndipo mawu omata muwalembemo kapena muwaike mu register ya dzina lake mu `makro.vim`.

Makro yodziitana yokha siikuima. Vim ikafika pansi pa fayilo posaka, imayambiranso pamwamba, ndiye kusakako sikulephera. Imitsani ndi Ctrl-C, lembani `:set nowrapscan`, yesaninso. Musanajambule makro yotere, tsukani register yake (`qrq` ngati ndi `r`), apo ayi `@r` ya mkati iyendetsa zakale mukujambula.

`:argdo` yaima ndi uthenga wa `E325`. Fayilo ina ndi yotseguka mu Vim ina, kapena inatsala ndi fayilo ya `.swp` kompyuta itazima mwadzidzidzi. Tsekani Vim inayo. Ngati ndi yotsalira, pulumutsani kaye zomwe zilimo ndi `vim -r dzina.txt` musanafufute `.swp`.

Mizere ina ikuthera ndi `^M`. Fayiloyo yasakaniza mathero a mizere a Windows ndi a Linux, ndiye `$` ikufikira pa `^M` ndipo `A` pambuyo pake, osati pa nambala. Chotsani kaye ndi `:argdo %s/\r$//e | update`, makro ibwere pambuyo.

Lamulo la pa terminal latha msanga koma palibe chasintha. Onani ngati munaikapo `-es` kapena `-u NONE`. Zonse ziwirizi zimaletsa Vim kuwerenga vimrc, choncho `@f` imakhala yopanda kanthu. Ndi `-es`, onjezerani `-u ~/.vimrc` kuti makro zanu ziwerengedwe, ndipo ikamaliza yendetsani `diff -r malonda malonda-kope` muone mzere uliwonse womwe wasintha musanafufute kope.